Gauni Patsogolo, Mayeso Pambuyo

Amene anayambitsa mwambo woti ana a giredi 12 azivala gauni asanalembe mayeso, ndikanakonda nditakumana naye kuti andiuze chimene ankaganiza. Kuno ku Kabwe masukulu ambiri amatero. Nyengo yotentha ikamayamba amaitana makolo, ana amavala gauni yakuda ndi chipewa chija cha ngodya zinayi, timaimba nthungululu, timadula keke, kenako Lolemba mwana yemweyo amabwerera m'kalasi chifukwa mayeso enieni akadali kutsogolo. Ife a m'tauni tinazolowera. Koma achimwene anga a ku Katete sankazidziwa, ndipo ine powaitana pafoni ndinangoti, "Bwerani, mwana wanga akutsiriza sukulu."

Ndili ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Bambo ake ankagwira ntchito ku njanji, anatisiya iye ali wamng'ono. Timakhala ku Chililalila, ndipo nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yochapa ndi kusita pa loji ina m'tauni. Chaka chimenecho nyumba yathu inasanduka ya mayeso. Wailesi ndinaitsekera m'kabati. Alendo ndinkawalandirira panja. Malaiti akapita, mwanayo ankatenga mabuku ake n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango, ine n'kumathamangitsa ana a anthu kuti akasewerere kwina. Iye ankafuna kukaphunzira ku Mulungushi, kumene kuli yunivesite, ndipo ine ndinali nditauza kale amayi onse a kumpingo kwathu. Pakamwa pangapa sipasunga kanthu.

Mayeso oyeserera, amene amati moku, sanamuyendere bwino. Masamu ndi sayansi anagwa nazo. Kuchokera pamenepo anayamba kuonda, zikhadabo zonse anazimaliza ndi mano, chakudya ankangochitosatosa. Pamsonkhano wa makolo ahedi anatiuza kuti tiziwadyetsa anawa asanapite kusukulu, tiwachepetsere ntchito zapakhomo, tisawagulire mapepala akuba amene amayendayenda m'mafoni. Anatinso mwana amene sadzapezeka m'chipinda cholembera, chaka chake chapita. Mawu amenewo anandikhala pamtima. Ndinkati ndikamuona akutsokomola pang'ono, ine ndathamangira kale kukagula mankhwala.

Achimwene anafika Lachisanu atanyamula thumba la mtedza ndi nkhuku yamoyo m'katoni. Loweruka kusukulu anavala jekete ngakhale dzuwa linali loswa mtengo. Mwana wanga anaitanidwa kutsogolo kukalandira pepala lokongola, lokhala ndi maluwa m'mbali, lomuyamikira kuti sanajombepo kusukulu. Achimwene analumpha pampando, kuvina mpaka pakati pa bwalo, pepalalo atalikweza m'mwamba. Ndinaseka mpaka misozi. Kwa kanthawi ndinaiwala za masamu.

Madzulo dzuwa litapendeka, anthu atamwazikana, achimwene anandiitanira pakhonde.

"Mlongo, khala pansi. Ndabwera ndi mawu a kumudzi."

Zoti amayi athu akudwala ndinkazidziwa. Anafa ziwalo mbali imodzi m'nyengo yozizira, ndipo ankawadwazika ndi mng'ono wanga amene amakhala nawo pakhomo. Achimwene amakhala kumudzi kwa akazi awo, komanso mwana wamwamuna sasambitsa amayi ake. Imeneyo ndi ntchito ya ife akazi a pamtundu.

"Mng'ono wako ali pakati, masiku atha," anatero achimwene. "Sangathenso kuwanyamula amayi. Tinakhala pansi tonse, tinagwirizana kuti iwe uli pantchito, tisakuvute. Koma poti mwanayu watsiriza sukulu, ndipita naye akathandize agogo ake."

Ndinaseka, ndikuyesa nthabwala. "Achimwene, sanatsirize. Mayeso sanalembe."

"Sanalembe bwanji? Nanga pepala lija?"

"Lija n'lomuyamikira chabe. Mayeso ayamba masabata akubwerawa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye zija ndinavina zija zinali za chiyani? Mlongo, ukundiyesa mwana? Ndaona ndi maso anga mwana atavala gauni. Ngati ukukaniza mwana wako, nena poyera, ndikawauze amayi kuti a m'tauni akana."

Ndinapsa mtima, koma sindikanawakalipira. Achimwene si munthu woipa. Ananyamuka kumudzi atalonjeza mayi woyembekezera kuti abwera ndi womulandira, ndipo chimene anaona pabwalo paja chinali chotsiriza sukulu basi. Ndinayamba kufotokoza pang'onopang'ono, za moku, za mawu a ahedi, za chaka chimene chidzapite pachabe. Ndili mkati molankhula, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Ndipita, amalume."

Anali mwana wanga, ataima pakhomo, mbale ya keke yotsala ili m'manja. Sanandiyang'ane ine. Nkhope yake inali yomasuka ngati ya munthu amene watula mtolo wa nkhuni, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa kuposa mawu a achimwene.

"Wamva?" anatero achimwene. "Mwana ali ndi mtima kuposa amake."

Ndinamukokera kuseri kwa nyumba, pampopi.

"Iwe, wapenga? Zaka zonsezi, yunifomu ndakusitira mpaka manja kuuma, lero ukuti upita?"

"Agogo akudwala, amama."

"Usandibisalire kumbuyo kwa agogo ako! Ndine ndinakubala. Nena zoona."

Anakhala pa ndowa yovundikira n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu. Kenako anati, "Amama, ndikalemba ndilephera. Ndikatsegula buku la masamu m'mutu mumangoti zii. Inu mwauza mpingo wonse kuti ndikupita ku Mulungushi. Bola anthu azinena kuti ndinapita kukadwazika agogo kusiyana n'kuti ndinalephera."

Mayo ine! Ndinafuna kumumenya, ndinafunanso kumubereka kumbuyo. Sindinachite chilichonse mwa ziwirizi. Ndinangotsegula mpopi, madzi osatuluka, n'kutsekanso.

Lamlungu tinapita kutchalitchi tonse atatu. Amayi a chigwirizano ankamugwira chanza mwanayo, ena kumupatsa kamphatso, achimwene akumwetulira pambali. Ulaliki sindinaumve ngakhale pang'ono. Ndinkangowerengera anthu m'mutu. Alamu anga, akazi a achimwene? Ali ndi ana aang'ono ndi minda yofunika kusosa mvula isanagwe, komanso amayi sangalole kuvulidwa ndi mpongozi. Kulemba munthu wantchito? Kumudzi akanati tataya amayi athu kwa mlendo. Kuwabweretsa amayi ku Kabwe? Munthu wosatha kukhala tsonga, ulendo wa tsiku lonse pabasi, kusinthanso ku Lusaka. Kulikonse kumene ndinkatembenukira ndinkapeza anthu awiri okha, iye kapena ine.

Lolemba m'mawa ndinapita kwa abwana a pa loji. Ndinawapempha kuti andilole ndichoke mpaka mayeso a mwana atatha. Anandimvetsera bwinobwino, osakwiya. Anati nyengo ino ya misonkhano zofunda zimachuluka, sangasiye malo opanda munthu, ndipo amene angamulowetse sangadzamuchotsenso ine ndikabwera. Anandiuza kuti ndikaganize bwino. Ndinati ndaganiza kale. Ndinapinda mashiti amene ndinali nditayamba kusita, ndinaika ayironi pamalo pake, n'kutuluka.

Nditafika kunyumba ndinapeza mwana wanga akulongedza zovala m'chikwama.

"Khuthula," ndinatero. "Chikwamacho ndi changa. Ndikupita ndine."

"Nanga ntchito, mlongo?" anafunsa achimwene.

"Ntchito yatha. Amayi ndi anga, ndikawasambitsa ndekha."

Achimwene anavula chipewa n'kumachizunguza m'manja. Koma mwana wanga anandilusira ngati ndamulanda chakudya.

"Ndiye mukundisiya ndekha? Mwasiya ntchito chifukwa cha ine, ndiye ndikalephera mudzati chiyani?"

"Ndidzati walephera, basi. Kulephera ndikulola. Chimene sindilola n'choti usalowe m'chipindamo."

Ndinalankhula molimba mtima, koma ndinkadziwa kuti ndamusenzetsa katundu wina pamwamba pa amene anali naye kale. Mpaka lero sindidziwa ngati panali njira ina yabwino.

Ndinamusiya m'manja mwa aneba athu, mayi wa Chibemba wogulitsa tomato ndi kapenta pamsika, wamawu aakulu, amene takhala naye mpanda umodzi kuyambira bambo ake a mwanayu ali moyo. Ndinawauza zonse, ngakhale zija za pampopi. Anati, "Pitani, aneba. Uyu ndi wanga. Akadzathawa ndidzamubereka kumbuyo."

Kusiteshoni mwana wanga sanabwere. Anati ali ndi phunziro la m'mawa.

Kumudzi ndinapeza amayi atatha thupi, opepuka ngati mwana. Pakamwa panali patapotoka, mawu ankatuluka movutikira. Atandiona analira, kenako anafunsa kuti mdzukulu wawo ali kuti, poti anawauza kuti akubwera ndi iyeyo. Masiku anayamba kuyenda mofanana: kutunga madzi, kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuphika phala lamadzimadzi n'kuwamwetsa ndi supuni, kuchapa zofunda. Mng'ono wanga anachira, kunabadwa mwana wamwamuna, n'kukakhala kaye kwa apongozi ake, ine n'kutsala ndekha ndi amayi. Foni pakhomo paja sinkagwira. Kuti ulankhule umayenera kukwera pachulu chachikulu kuseri kwa khola la ng'ombe za eni mudzi.

Ndinkakwera pachulupo tsiku lililonse. Mwana wanga ankayankha mawu amodziamodzi. Wadya? Ee. Ukuwerenga? Ee. Aneba ndiwo ankandiuza zenizeni, kuti nthawi zina amamupeza atagona pabuku, nthawi zina atangokhala akuyang'ana khoma. Mapepala oyamba, a Chingerezi ndi ena, analemba. Ine ndinkaopa tsiku la masamu.

Tsikulo ndinadzuka m'bandakucha. Ndinawatembenuza amayi, ndinasonkha moto, ndinaika madzi a phala, n'kunena kuti ndingothamanga pachulu ndimve ngati wanyamuka. Foni ya mwana wanga inali yozimitsa. Ya aneba inkangolira osayankhidwa. Ndinaimbanso. Ndinaimbanso. Dzuwa linakwera, ng'ombe anazitsegulira, anthu opita kudimba ankandipatsa moni ine osawayankha bwino. Ndinkati ndikatsika pang'ono, mtima n'kundiuza kuti aimba pompano, n'kukweranso. Ndinamuona m'maganizo atadzitsekera m'nyumba. Ndinamuona ali pabasi akubwera kuno. Ndinapemphera pemphero lopanda mutu, longoti Ambuye, Ambuye.

Aneba anaimba dzuwa litafika kale pamwamba, akupumira m'mwamba.

"Aneba, mwana wanu uyu andipha! Tinanyamuka bwinobwino, kufika pageti wangoima. Akuti m'mimba. Akuti abwerere. Ine ndi patapata wanga ndi chitenje cha pamsika, ndamugwira dzanja kulowa naye mpaka pakhonde la kalasi. Mlonda akuti makolo saloledwa, ine ndati lero muloleza. Ndakhala pageti mpaka atseka chitseko, kuti asatulukire kwina. Tomato wanga wapsa ndi dzuwa, foni ndinaisiya pa tebulo."

"Walowa?"

"Walowa. Akulemba."

Ndinakhala pansi pachulu pomwepo. Sindinachoke. Ndinati ndidikire atuluke, ndimve mawu ake.

Anaimba yekha, kwa nthawi yoyamba chichokereni ine. Mawu ake anali otopa, koma anali ake enieni, osati aja a ee ndi ayi.

"Amama, ndalemba. Mafunso ena ndawasiya, nthawi inatha. Sindidziwa ngati ndakhoza."

"Zilibe kanthu, mwana wanga. Zilibe kanthu."

Ndinkamva phokoso la anzake kumbuyo kwake. Kenako anafunsa.

"Agogo adya?"

Ndinatembenuka kuyang'ana kunyumba. Utsi sunkatulukanso m'khitchini. Chitseko cha amayi chinali chotseka monga ndinachisiyira m'mawa, iwo ali m'katimo, osatha kudzuka, osatha kuitana mokweza, dzuwa litapendeka kale.

"Adya," ndinamunamiza, n'kutsika chulucho ndikuthamanga.