Singano ya Indubai

Mvula ya chaka cha 1988 itangoyamba, Indubai Kamble analembedwa ntchito pa fakitale yaikulu yoluka nsalu mumzinda wa Solapur. Ntchito yake inali kusoka malo olakwika pansalu: ulusi woduka, kabowo, mzere wokhota. Akangoona nsalu ankadziwa amene wailuka, koma sankatchula munthu. Amuna oluka ankamukonda chifukwa chosunga pakamwa, makamaka mlamu wake Dagdu, amene ankawodzera pamakina.

Mu Januwale 2009 kampani inasintha kagwiridwe ka ntchito. Injiniya watsopano, Deshpande, analamula kuti cholakwika chisamabisidwe ndi singano, koma chizibwerera tsiku lomwelo kwa amene wachipanga.

"Mayi, nsalu iyi waluka ndani?" anafunsa Deshpande tsiku lina.

Indubai anaitembenuza kawiri. Kunena kunali kupereka m'bale, kukana kunali kutaya ntchito.

"Alamu anga," anayankha.

Masana Dagdu anamupeza akudya chapati. "Alamu, mwandiyalutsa! Kodi achimwene anakwatira wailesi?"

"Tulo muzikagona kwanu, alamu. Makina si mphasa."

Dagdu sanachotsedwe. Deshpande anamukonzera makina, namuikira nyale yowala kumutu, tulo n'kuthawa. Zolakwika zinayamba kuchepa, ndipo Indubai anazindikira kuti dzina lililonse limene ankatchula linkadya ntchito yake yomwe. Anapitirizabe kutchula, poti kubisa anali atatopa nako. Amayi osoka anzake anachoka mmodzimmodzi, mpaka iye ankafika masana osatunga ulusi pasingano.

Chipinda chosokeramo chinatsekedwa, ndipo Indubai anachoka pa 31 Malichi 2012.