Ba Ketty, Telala Woyimbira Mpira ku Mtendere

Ba Ketty Nsofwa ndi telala pamsika wa Mtendere, koma anthu ambiri amawadziwira wezulo. Anabwera ku Lusaka kuchokera ku Mufulira atakwatiwa ndi dalaivala wa minibasi. Mwamunayo atamwalira, anatsala ndi makina osokera, mwana mmodzi wamkazi, ndi miyendo yozolowera kuthamanga, pakuti kusukulu ankasewera mpira.

Zoyimbirazi sanazifune. Lamlungu lina woyimbira wa ligi ya m'komboni anathawa pabwalo atagendedwa miyala. Ba Chalwe, wapampando wa ligiyo, amenenso ndi mkulu wa mpingo umene Ba Ketty amapemphera, anawapeza pakati pa oonerera.

"Tithandizeniko chabe lelo," anatero Ba Chalwe. "Mukazi sibangamumenye."

Lero limenelo latha zaka zisanu ndi chimodzi. N'zoona, palibe anawakhudzapo dzanja. Koma chimene chimawadwalitsa mutu ndi kona. Mpira ukangoikidwa pakona, amuna khumi ndi asanu amaunjikana pakhomo pa golo, fumbi kobo! Uyu wakoka jezi, uyo wakumbatira mnzake m'chiuno, wina waponda phazi dala. Owathandiza m'mbali kulibe. Akayimbira mmodzi, asanu ochita zomwezo amapulumuka, ndipo timu yolangidwayo imawerenga ndi zala amene asiyidwa.

Lolemba m'mawa majezi ong'ambika amabwera kwa iwo omwe, chifukwa pamsikapo ndi okhawo odziwa kusoka nsalu yoterera ija. Akatambasula jezi n'kupeza kolala yathothoka, amadziwa kuti dzulo china chinawadutsa.

Tsiku lina Kabwe, wowotcherera zitsulo amene ndi kaputeni wa Mbaula Stars, anaponya majezi atatu pathebulo lawo, nalankhula mokweza kuti ogulitsa tomato amve.

"Manje taziba. Ba ref sibaliza pa kona chifukwa bafuna nchito ya Mande!"

Msika unaseka. Ba Ketty anasoka majeziwo, koma singano inathyoka kawiri.

Lamlungu lotsatira Mbaula Stars inakumana ndi Chigayo United. Mpira usanayambe Ba Ketty anaitana makaputeni onse awiri. "Lelo aliyense wogwila munzake mu bokosi, ni penate. Sinisankha nkhope."

Anachitadi zimene ananena. Pofika nthawi yopuma anali atapereka mapenate anayi, awiri uku awiri uko. Oonerera anayamba kukuwa kuti uwu si mpira, ndi khoti. Kutatsala mphindi imodzi kuti mpira uthe, Lushomo, wotchinga kumbuyo wa Mbaula, anakoka jezi ya wosewera wa Chigayo m'bokosi, Ba Ketty akuona ndi maso awo. Lushomoyo ndi wa pakhomo loyandikana ndi lawo. Amake ndi Ba Ketty amatunga madzi pampopi umodzi. Koma anali atayimbira kale anayi aja. Analiza wezulo. Mbaula inagonja.

Kuyambira tsikulo amake Lushomo akawaona kumpopi amayang'ana m'chigubu mpaka chidzaze. Choipa kwambiri chinachitika sabata yotsatira: Mbaula inakasewera ku Kalingalinga, kumene woyimbira wakumeneko analekerera anthu kukokana mpaka kabudula kutsika. Anyamata anabwerako atakwiya, osati ndi iye, koma ndi Ba Ketty. "Kuja ni bola, kuno ni mulandu. Lamulo ni ya ndani?" anafunsa Kabwe.

Atatuluka m'tchalitchi Lamlungu, Ba Ketty anatulutsa wezulo m'chikwama n'kuwatambasulira Ba Chalwe.

"Nalema, ba elda. Nikaliza, naononga bola. Nikasiya, nifuna vosoka. Pezani wina."

Ba Chalwe anapinda manja kumbuyo. "Wina ndani? Bonse banakana. Mukaleka imwe, ligi yafa, banyamata aba bazabwelela ku moba kuseni-seni, zuba ikangotuluka. Muzabayang'ana bwanji bamai babo?"

Anthu otuluka m'tchalitchi ankawadutsa akupereka moni. Dzanja la Ba Ketty linatopa lili m'mwamba, ndipo anabweza wezulo m'chikwama.

Masiku ano apeza kanjira kongopumira. Kona isanamenyedwe amaimitsa masewero, kulowa pakati pa chigulu cha osewera, n'kumamasula manja mmodzimmodzi akutchula aliyense dzina. Anyamata amakweza manja m'mwamba akumwetulira. Mpira ukangonyamuka amagwirananso, ndipo chilichonse chimene Ba Ketty angachite, theka la bwalo limawatukwana.

Mwana wawo Chiku, amene tsopano ndi namwino ku Kitwe, amawaimbira foni kawirikawiri. Anawakonzera chipinda, ndipo akuti makinawo akhoza kukwera basi.

"Nizabwela ligi ikasila," amayankha motero.

Ligi ya chaka chino inatha mu Novembala. Asanamange n'katundu yemwe, Ba Chalwe analengeza m'tchalitchi kuti kuli chikho cha Khirisimasi, matimu khumi ndi awiri, ndipo dzina la woyimbira analitchula pamaso pa mpingo wonse. Anthu anaomba m'manja. Ba Ketty anaimirira pang'ono, monga mwa mwambo, n'kukhalanso pansi.