Mbale ya Tauni ya Mayina Awiri

Mbale ija sinali yodyera. Inkakhala pakhoma m'khitchini mwa anti a ku Poland, aneba athu a m'nyumba yapansi ku Dennistoun. Pakati pake panajambulidwa katauni kakwawo: tchalitchi cha nsanja yosongoka, bwalo la msika, mtsinje ndi mlatho, dzina la tauniyo litalembedwa m'munsi.

Inali nyengo yathu yoyamba yozizira kuno ku Ulaya, titachoka ku Malawi. Kusukulu ndinkangoti duu. Chingerezi ndinkachimva ndithu, koma pakamwa panali pomata. Aphunzitsi anauza amayi kuti zikapitirira ndibwereza kalasi. Amayi amvekere, "Iwe, pakhomo umalongolola ngati wailesi, kusukuluko wakulodza ndani?"

Amayi akapita kuntchito yosamalira okalamba, ankandisiya kwa anti aja. M'nyumbamo munkamveka fungo la kabichi wowawasa, mawindo atachita nthunzi. Chingerezi chawo chinali chothyokathyoka, ndiye pamaso pawo manyazi ankandithera. Ankatsitsa mbaleyo n'kumayendetsapo chala changa. Apa mtsinje, kukazizira umauma gwa, ana n'kumayendapo. Apa fakitale ya nsalu. Apa siteshoni pomwe agogo awo anatsikira nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, atanyamula makina osokera. Kale tauniyi inali ku Germany. Malire anasuntha, iyo ili pompo, n'kukhala ya ku Poland. Ine n'kumabwereza.

Tsiku lina aphunzitsi anapachika mapu a ku Ulaya, n'kufunsa ngati malire a mayiko amasintha. Chimene chinandinyamula sindichidziwa. Ndinaimirira n'kukhuthula zonse, mtsinje, fakitale, makina osokera, m'kalankhulidwe ka anti, mpaka mnzanga wina anafunsa ngati Malawi ili ku Poland. Ana anaphulika kuseka, nanenso ndinaseka, mokweza! Kalasi sindinabwereze. Amayi atamva anavina pamasitepe, yunifolomu ili m'thupi, anti akuwomba m'manja pakhomo pawo.

Pano mwana wanga akuchedwa kuyankhula. Ndisabise, mtima sukhala m'malo; ndimangomuyang'ana pakamwa. Ndikatero ndimadzikumbutsa kuti nanenso ndinali wa duu, lero anthu amachita kundiletsa.

Komatu dzina lolembedwa pambale lija silinali limene anti ankatchula. Nditafunsa anati, "Ndi lachijeremani. Mbaleyi agogo anaipeza pakhoma, m'nyumba imene anapatsidwa." Ine ndinangoti agogowo anali amwayi: nyumba yaulere, ndi mbale yomwe. Sizinandifikire m'mutu kuti Ajeremani amene anaikoleka pakhomapo analowera kuti malire atasuntha, kapena kuti agogowo, komwe anachokera, anasiya chiyani pakhoma lawo.