Ndinawalanda amayi anga mpando m'ndege

Inu owerenga, pali zinthu zina zimene munthu ukachita umalephera kuuza ngakhale abusa, umangoyenda nazo. Ine changa ndayenda nacho zaka ziwiri ndipo chandilemera. Ndinawalanda amayi anga mpando m'ndege, amayi ondibereka enieni, ndipo lero akuyendera ndodo chifukwa cha ine.

Ndimakhala ku Rugare, mu mzinda wa Harare, m'nyumba imene anatisiyira malemu bambo anga. Iwo anachokera ku Dedza kalekale kudzagwira ntchito ya njanji, ife tonse tinabadwira konkuno. Ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo ku Willowvale. Chilema changa ndikuuzeni poyera: ndimakonda kutamandidwa. Anzanga a pa mashopu amanditcha Bhurandaya wamatama, ndipo sananame. Bhurandaya ndi mmene amatitchulira ife oyankhula Chichewa kuno.

Mlongo wanga Esinala ndi namwino ku Amerika. Atabereka mwana wake woyamba anafuna kuti amayi apite akamusambitse mwanayo ndi kumubereka kumbuyo, monga anachitira ndi ana anga onse. Amayi amayankhula Chichewa ndi Chishona basi, Chingerezi sadziwa, nchifukwa chake anasankha ine kuti ndiwaperekeze. Zitupa zitatuluka, Esinala anagula matikiti awiri. Yanga inali ya kumbuyo kumene kumadzaza anthu ambiri. Ya amayi inali ya mipando ya pakati imene amaitcha pulimiyamu, yotakasuka, yokhala ndi poika mapazi, ndipo anawasankhira mpando wa m'mbali mwa kanjira. Anandiuza pa foni kawiri konse kuti miyendo ya amayi imatupa, choncho azidzuka, aziyendayenda pang'ono komanso azimwa madzi pafupipafupi. Ine ndinamuyankha kuti asadere nkhawa, amayi ali m'manja mwa mwana wawo wachisamba.

Kuchoka ku Harare kukafika ku Joni zonse zinayenda bwino, tinakhala moyandikana. Zinasokonekera madzulo, titalowa m'ndege yaikulu yowoloka nyanja. Ndikanati Satana anandilowa, koma ndikhala ndikumunamizira. Podutsa ndinaiona mipando ija, yofewa, pilo wake ndi bulangete lake zili pomwepo, mtima n'kundiuza kuti iwe, ukabwerera ku Rugare ukawaonetsa chiyani anzako? Ndinadzinyengerera kuti ndingokhalapo pang'ono, ndidye, ndijambule zithunzi ziwiri zitatu, kenako tisinthane.

Ndinawagwira amayi pa mkono, kuwadutsitsa pa mpando wawo, mpaka kumbuyo pa mpando wanga wa pa zenera. Ndinawauza kuti pa zenera mpabwino, aziona mitambo. Mitambo usiku, inu! Pambali pawo panadzakhala azibambo awiri achilendo, ojintcha, mawondo awo atagunda mipando ya kutsogolo. Amayi anandifunsa chinthu chimodzi chokha: "Nanga iwe ukhala kuti?" Ndinati pafupi pomwepa. Anangovomera ndi mutu n'kukonza chitenje chawo. Mayi wina wogwira ntchito m'ndegemo atandifunsa za dzina lachikazi pa tikiti, ndinamuuza kuti amayi anga asankha okha kukhala kumbuyo. Bodza limenelo linatuluka mosavuta moti ngakhale ine ndinadabwa.

Zimene zinatsatira ndimachita nazo manyazi kuzifotokoza. Anandipatsa kansalu kotentha kopukutira m'manja. Chakumwa chinabwera m'tambula yagalasi, chakudya m'mbale zenizeni. Ndinajambula mbale, ndinajambula mapazi anga ali pa choikapo chija, ndinadzijambula nditavala zomvera nyimbo m'makutu ngati bwana wa kampani. Vinyo atabwera kachiwiri sindinakane. Ndinapendeketsa mpando ndi maganizo oti ndipumule mphindi khumi zokha. Abale anga, ndinagona tulo tofa nato. Chinandidzutsa ndi fungo la tiyi wa m'mawa, anthu atayamba kale kutsegula mazenera.

Ndinathamangira kumbuyo. Amayi ndinawapeza mmene ndinawasiyira, manja ali pa mawondo, bulangete likadali m'pepala lake, milomo itauma gwa. Usiku wonse sanadzuke ngakhale kamodzi. Azibambo aja anagona atatambasula miyendo, ndipo inu mukudziwa mmene anatilerera: munthu sumudumpha miyendo, ndi mwano, makamaka mayi wamkulu kudumpha mwamuna wa eni. Kuwadzutsa sakanatha, akanawauza m'chinenero chanji? Ndiye pofuna kuti asafune kupita kuchimbudzi, anakana madzi, anakana tiyi, anakana chilichonse. Mwambo umenewu sindinganame kuti sindinkaudziwa. Ndili mwana amayi omwewa anandimenyerapo mbama chifukwa chodumpha miyendo ya amalume.

Titatera, nsapato ya kumanzere inakana kulowa. Ndinawakankha pa njinga ya odwala mpaka pamene Esinala ankatidikira, ndipo ndinamuuza kuti ndi kutopa chabe. Tsiku lachiwiri mwendo uja unatupa ngati mtondo, ukutentha, ndipo madzulo ake amayi anayamba kubanika. Esinala sanachedwe, tinathamangira kuchipatala. Dokotala anati magazi anaundana m'mtsempha wa mwendo ndipo kachidutswa kena kanafika ku mapapo. Anati kukhala malo amodzi nthawi yaitali osasuntha, osamwa madzi, kumachititsa zoterezi, ndipo tikanachedwa pang'ono bwenzi tikukamba zina.

Amayi atayamba kupezako bwino, Esinala anawafunsa ine ndili pomwepo: "Amayi, simunkadzuka bwanji? Mpando wanu si unali wa pa kanjira?" Foni inali m'thumba mwanga, zithunzi zija nditazitumiza kale kwa anzanga a ku Rugare, iwo akundiyamikira kuti mudhara, ndiye kuti mdala, wafika patali. Amayi sanandiyang'ane n'komwe. Anati: "Mpando unali wabwino, mwana wanga. Ndi ulesi wanga, ndinangogona." Esinala anawadandaulira kuti samva zowauza, kenako anatembenukira kwa ine n'kundithokoza powasamalira pa ulendo. Ine, bambo wa ana atatu, ndinatuluka kukafufuta zithunzi zija m'chimbudzi cha chipatala.

Tinakhalako miyezi itatu. Mdzukulu amene anamuwolokera nyanja uja sanamubereke kumbuyo ngakhale tsiku limodzi. Ankangokhala pa mpando mwendo uli pa pilo, ife n'kuwaikira mwanayo pa miyendo kwa kanthawi. Tsiku lina ndinawaona akupinda mbereko imene anasoketsa ku Kambuzuma tisananyamuke, n'kuibwezera pansi pa sutikesi.

Tibwerere kuno, mwendowo sunabwererenso mwakale. Umatupa, umawawa, ndipo masitonkeni a kuchipatala savula. Amayi amene ankapita okha ku mapemphero a amayi Lachinayi, amene ankalima kamunda ka chimanga m'mbali mwa njanji, lero kukwera kombi, minibasi za kuno, amachita kunyamulidwa. Anthu akabwera kudzawazonda amati ukalamba ulibe mankhwala, ine n'kumavomereza nawo.

Chaka chatha ndinalephera kupirira. Ndinawapeza ali pakhonde akusenda nandolo, ndinagwada pansi n'kuwauza zonse, kuti mpando wabwino uja unali wawo ndipo ine ndinawabera. Ndinkayembekeza kuti adabwa, mwina akalipa, mwina alira. Ayi ndithu. Anapitiriza kusenda nandolo zawo, kenako anati: "Ndinkadziwa. Esinala anali atandionetsa chithunzi cha mpandowo pa foni. Ndimangoti mwana wanga adye kaye, abwera kudzanditenga. Munthu aliyense akamabwera m'kanjira muja ndinkadzutsa mutu."

Inu owerenga, mbama ikanandichitira bwino kuposa mawu amenewo. Anandikhululukira ndisanapepese, koma mwendo suchira ndi chikhululuko. Esinala mpaka lero sadziwa, ndipo nthawi iliyonse akandiimbira n'kunditcha achimwene odalirika ndimafuna nthaka itang'ambika.

Masiku ano ana athu ambiri ali kunja ndipo akuitana makolo. Ngati mwapatsidwa udindo woperekeza kholo, chonde chinthu chimene chagulidwira kholo chisiyireni kholo, ngakhale chikongole bwanji. Anzanu amene mukufuna kuwaonetsa zithunziwo adzaiwala sabata isanathe. Komanso musanyengedwe ndi kukhala chete kwa makolo athuwa. Sadandaula, sapempha, amaopa kuvutitsa anthu, ndipo amalolera kupweteka kusiyana n'kuchita mwano. Dzukani, pitani mukawaone, afunseni ngati amwa madzi, agwireni mkono muyende nawo. Ine ndinali m'ndege yomweyo, pa mtunda wosafika n'komwe kuchoka pakhomo pathu kukafika pa mpopi, ndipo amayi anga anandidikira usiku wonse osandiona.