Chifunga cha Okutobala

Kachasu wosasakaniza ankagulidwa ndi madala okha. Anyamata a ku Kapata ankafuna mowa wotsekemera, wokhala ndi mtundu ndi dzina, ndipo ine ndi amene ndinkawasakanizira kuseri kwa nyumba yathu. Ndinkathira kachasu m'ndowa, kenako madzi a malambe, mandimu, jinja wosinja ndi shuga wowotcha pa chiwaya. Ndinkadzitama kuti ndili ndi dzanja labwino.

Dzina sindinkatcha ndine. Mowa watsopano unkalawidwa ndi munthu mmodzi, ndipo m'mawa mwake anthu ankabwera kudzamva mawu oyamba amene anganene akadzuka. Mawuwo ndiwo ankakhala dzina. Tinali ndi Nsapato Zanga, tinalinso ndi Ndili Kuti. Wina unkatchedwa Musawauze Amayi, ndipo unkayenda malonda kuposa yonse. Wolawa wanga anali achimwene, amene ankanyamula anthu panjinga kuchokera kumsika. Ankati mimba yawo ndi yachitsulo.

Chaka chimenecho chimanga chinavuta, kachasu n'kusowa. Bambo wina amene sindinkamudziwa anandibweretsera chigubu chopanda chizindikiro, nati ndi sipiriti wa kufakitale, kapu imodzi ikwanira ndowa yonse. Sipiritiyo anali woyera ngati madzi. Ndinanunkhiza, mtima unakana, koma manja anathira. Loweruka masana achimwene anamwa makapu atatu, n'kunena kuti mowawo wakoma.

Lamlungu anadzuka mochedwa. Anyamata anayi anali atakhala kale pakhonde kudikira dzina. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lili phwee, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Achimwene anatuluka akupapasa khoma, anakhala pansi, n'kutikita maso.

“Chifunga chimenechi chachokera kuti?” anafunsa.

Anyamata aja anaseka mpaka kugwira nthiti. Mmodzi anati, “Basi, lapezeka. Chifunga cha Okutobala.” Inenso ndinaseka, ndipo ndimachita nazo manyazi mpaka lero. Kenako ndinawapatsa kapu ya madzi, dzanja lawo n'kudutsa pambali pa kapuyo. Anayesanso, anaphonyanso.

“Achimwene, zala zingati izi?”

“Usandiseweretse, iwe,” anatero motsitsa mawu kuti anyamata asamve. “Sendera pafupi. Ndikungoona chinthu chakuda.”

Ndinathamangira kuseri n'kukhuthulira ndowa yonse m'chimbudzi. Mnzawo wina wa njinga anawakweza kumbuyo, ine ndikuthamanga pambali nditawagwira malaya kuti asagwe. Panjira anasanza kawiri. Ankangondifunsa kuti tafika pati, pamsewu umene iwo ankadutsa kakhumi pa tsiku.

Kuchipatala namwino anawaunika m'maso ndi tochi, koma maso sanaphethire. Anafunsa chimene anamwa. Ndinanena zonse, za chigubu ndi za bambo uja, ndikuyembekezera kuti aitana apolisi. Ndinkalakalaka atawaitana, mwina mantha akanapeza pogwira. Namwinoyo anangofunsa kuti papita maola angati, ndipo nditamuuza anathamangira kukaitana dokotala. Kuthamanga kwakeko kunandiopsa kuposa apolisi.

Anagona m'chipatala masiku asanu ndi limodzi. M'mawa uliwonse ndinkaimirira pakati pa bedi ndi zenera n'kugwedeza chitenje, kudikira kuti anene mtundu wake. Tsiku lachinayi anati akuona chinachake chikuyenda. Ndinalira ndi chimwemwe, koma zinathera pomwepo. Dokotala anati moyo wapulumuka, koma za maso tisayembekezere zambiri.

Tsiku lotuluka tinayenda wapansi. Ndinawagwira dzanja, ndikuwauza pamene pali ngalande ndi pamene pali mwala. Sanandinene ngakhale kamodzi, ndipo ndikanakonda akanandilalatira. Titafika pakona ya kwathu, bambo wina wa m'dera lomwelo, amene sanamve za kuchipatala, anatiimitsa akumwetulira.

“Amayi, ndamva mbiri ya Chifunga cha Okutobala. Chikadalipo? Mundisungireko botolo limodzi.”

Achimwene anatembenukira kumene kunkachokera mawu, anaphonya pang'ono, n'kuseka monga ankasekera kale.

“Mwachedwa, akulu,” anatero. “Ndinamaliza ndekha.”

Bambo uja anaseka n'kupitiriza ulendo wake. Achimwene anandifinya dzanja mpaka zala zinapweteka, n'kundinong'oneza kuti, “Mlongo wanga, usandisiye. Sindikudziwa kumene kuli nyumba.”