Manyowa a Kumtaya

Makuponi a feteleza wotsika mtengo sanafikepo m'manja mwa mayi Enelesi Mphepo. Iwo ndi amuna awo anachokera ku Phalombe kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya kwa Mwase ku Kasungu. Polemba maina a olandira makuponi, ku Kasungu ankati ndi obwera. Kwawo ankati anachoka kalekale. Amuna awo atamwalira, mwini esiteti anawasamutsa, ndipo a Enelesi anabwereka kadimba kufupi ndi mtaya wa paboma.

Kumtayako n'kumene anapeza manyowa. Ankakumba dothi lakuda la pansi pa zinyalala n'kulisefa pa sefa yawaya kuti achotse magalasi, mabatire ophulika ndi tizitini ta mankhwala a fodya. Mpiru wawo unkabiriwira moti kumsika anthu ankachita kulimbirana.

Chaka china kunabwera mtsikana wa kuyunivesite n'kutapa dothilo m'timajumbo. Patatha miyezi iwiri anabweranso.

"Mayi, dothili lili ndi mtovu wochokera m'mabatire," anatero. "Umalowa m'masamba, ndipo umapweteka kwambiri ana. Lekani kulithira."

"Nanga masambawo ndikamatsuka bwinobwino?"

"Suchoka ndi madzi."

"Ndiye ndizithira chiyani?"

"Feteleza. Kodi simunalandire kuponi?"



M'mawa mwake a Enelesi ananyamula sefa yawo kupita kumtaya monga mwa masiku onse. Ana awo atatu sadyanso mpiru wa m'dimbamo. Koma kumsika, akabwera wogula atabereka mwana kumbuyo, a Enelesi amamumangira ndiwo atayang'ana kumbali.