Nkhope Yomwe Inatsala pa Chala

Ndine munthu wa mtima wapachala, koma chomwe chinandikwiyitsa koposa pa moyo wanga si munthu ayi, ndi pulinta. Ndinaigula ku Limbe chaka chomwe ndinasiya kujambula ndi filimu. Kale ndinkazungulira m'midzi pa njinga, filimu ikadzaza n'kukwera minibasi kukatsukitsa ku Blantyre, anthu n'kumadikira sabata ziwiri. Tsopano ndinali ndi kamera ya khadi ndi kachipinda pa Chonde, kuseri kwa khonde la atelala. Ukalowetsa khadi m'pulintamo, chithunzi chinkatuluka mwini wake ali pomwepo. Ndinkayenda modzitukumula.

Mapepala omwe ndinagulira limodzi ndi pulintayo anali abwino, koma anatha msanga, ndipo kuti ndipeze ena ndinayenera kutseka tsiku lathunthu kupita ku Limbe. Ndiye wamalonda wina wopikula katundu kutsidya kwa Muloza anandibweretsera mapaketi atatu a mapepala onyezimira ngati kalilole, olembedwa Chipwitikizi chokhachokha. Sindinafunse kuti mawuwo akutanthauzanji. Ndinati pepala ndi pepala basi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Vuto ndinaliona tsiku loyamba lomwe. Inki ya mitundu ina inkalowa ndithu, koma yakuda inkangokhala pamwamba ngati madzi pa tsamba la koko. Ndinadina mabatani onse omwe pulintayo inali nawo. Ndinaipukuta m'kati, ndinathira inki yatsopano ndi jakisoni mpaka zala zanga zinada ngati za wowotcha makala. Kenako ndinayamba kuilalatira. Atelala anasuzumira pakhomo, tepi ili m'khosi.

"Mukukangana ndi ndani m'menemo, ajambuli?"

"Ndi mkazi wanga wachiwiri," ndinatero. "Amadya zambiri, ntchito sagwira."

Masiku a chiperoni ndiye zinkanyanya. Zithunzi ndinkaziyala pa benchi masiku awiri zisanaume, ndikuthamangitsa ntchentche ndi chikatoni. Zikauma zinkaoneka bwino kwambiri. Koma ukatikita ndi chala mwamphamvu, kanthu kakuda kankatsala pachalapo. Ndinayesa ndekha, ndinaona, n'kupukutira chalacho ku thalauza. Izi sindibisa. Ndinadziuza kuti palibe munthu amatikita chithunzi, ndipo mapaketi atatuwo sindikanawataya.

Tsiku lina la msika kunabwera bambo wina wa ku Likhubula, mmodzi wa anthu onyamulira alendo katundu pokwera phiri. Anali wamfupi, wa khosi lojintcha, wa mpata kumano. Anavala jombo ndi jekete yofiira yomwe mlendo wina anamusiyira. Ndinali ndi nsalu ziwiri zoimika kumbuyo kwa ojambulitsa, ina ya phiri, ina ya nyumba zosanjikizana za m'tauni. Nditayamba kutambasula ya phiri anandigwira mkono.

"Iyayi achimwene, phiri ndatopa nalo. Ndiikeni m'tauni, mayi a kunyumba aone kuti nanenso ndinafikako."

Tinaseka tonse. Anaima nganganga, dzanja limodzi m'thumba, ndipo msika wotsatira anadzatenga chithunzi chake. Khadi langa linali laling'ono, Loweruka linalo ndinali ndi ukwati woti ndikajambule, choncho ndinachita zomwe ndinkachita masiku onse: munthu akatenga chake, ndinkafufuta m'khadimo kuti ndipeze malo.

Panapita pafupifupi zaka ziwiri. M'mawa wina mayi wina anagogoda, mwana wamkazi ali kumsana. Chichewa chawo chinali cha anthu omwe anabwera kuthawa nkhondo ya ku Mozambique n'kukhazikika konkuno. Anakhala pansi, osati pa benchi, n'kutulutsa chithunzi m'kati mwa buku la nyimbo za kutchalitchi. Jekete yofiira inalipo. Jombo zinalipo, nyumba zosanjikizana zinalipo zonse. Pomwe panali nkhope panali chigamba chotuwa, chachikulu ngati chala chachikulu cha kudzanja.

Anandiuza kuti amuna awo anamwalira ndi chifuwa iwo ali ndi pakati pa mwana ameneyu, ndipo chithunzi chawo china panalibe.

"Mwanayu sanawaone," anatero. "Ndiye ndimamugwira kachala, n'kumuika apa, ndimvekere ababa ako awa. Pano akumaloza yekha. Ndinkaona ndithu kuti ikufufutika, koma sindinade nkhawa. Paja inu mumasunga tinthu takuda tija. Munditsukireko china."

Ankanena manegetivu. A filimu ndinali nawo chitini chodzaza pansi pa bedi, ena a anthu omwe ndinaiwala ndi nkhope zawo zomwe. Anthu onse a kuno ankadziwa kuti kwa wojambula chithunzi sichifa. Palibe yemwe ndinamuuzapo kuti zinthu zinasintha.

Manyazi akandigwira ndimakalipa, ndi khalidwe langa loipa. Ndinakalipa.

"Mayi, chithunzi si mbale yoti muzipukuta tsiku ndi tsiku! Mwana amamatira malovu, inu n'kumangoyang'ana?"

Sanakweze mawu. "Cha ukwati wa achemwali anga munajambula ndinu nomwe, nthawi ya njinga ija. Ana asanu anachigwiragwira. Chilipobe."

Makina a atelala anali atasiya kulira, ndipo ndinadziwa kuti akumvetsera. Ndinawauza mayiwo kuti abwerenso pakatha sabata ziwiri.

Mawa lake ndinapita ku Limbe ndi khadi lija ndi paketi imodzi yotsala. Mwini sitolo yomwe ndinagulako pulinta anati khadi lomwe lajambula maukwati ambirimbiri pamwamba pa chithunzi chofufutidwa silingabweze kanthu. Atayang'ana paketiyo anapukusa mutu n'kuseka. Anati mapepala amenewo samwa inki yakuda ya mtundu womwe ndinkathira, inkiyo imangouma pamwamba, ndipo zinalembedwa kumbuyo kwa paketi. Nanga nkhope za anthu athu zimatuluka ndi inki yanji ngati si yakudayo? Ndinalakalaka kumuponyera paketiyo kumaso, koma wolakwa sanali iye. Ndinagula mapepala oyenera n'kutuluka osatsanzika.

Maganizo ena anandibwerera m'minibasi. Alendo okwera phiri amajambula chilichonse, ndipo ena akabwerera kwawo amatumiza zithunzi pa positi. Ndinapalasa njinga mpaka ku Likhubula, komwe onyamula katundu amakhala pansi pa mitengo kudikira alendo. Nditafotokoza, anamudziwa msanga malemuyo. Atatu anapita kumakomo kwawo n'kubwera ndi maenvulopu okutha m'mbali. Tinayala zithunzizo pa thanthwe.

Analimo mu zinayi. Mu zonsezo anali patsogolo, chikwama pamutu, nkhope kuphiri. Ndinazitembenuza uku ndi uku ngati kuti atembenuka. Ndinamenya thanthwelo ndi chikhatho mpaka chinachita dzanzi.

"Uja sankadikira munthu," anatero mkulu wina pakati pawo. "Alendo akamafika pa Chambe, pamwamba paphiripo, ali wefuwefu, iye atakoleza kale moto m'kanyumba kogonamo alendo kaja. Ankangomuona msana."

Ndinasankha chimodzi, cha pa njira yokwera ku Chambe, pomwe jekete yofiira inkaoneka bwino. Ndinachijambula ndi kamera yanga pomwepo, n'kukachitulutsa pa pepala labwino lija. Chinauma nthawi yomweyo. Ndinanyowetsa chala ndi malovu n'kutikita mwankhanza, sipanachoke kanthu. Zimenezo zinangondiwonjezera mkwiyo, poona kuti chinali chinthu chophweka chotere.

Mayi aja atabwera ndinawauza zoona zonse, za mapepala, za khadi, ndi zoti ndinadziwa kuyambira pachiyambi. Anatenga chithunzi chatsopanocho n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi iwowa," anatero. "Phewa la kumanzereli ankalitsitsa chonchi."

Anamasula mwana kumsana n'kumukhazika pamiyendo. Anamugwira kachala, koma dzanja lawo linaima m'malere, likusowa poti limuike. Kenako analitsitsira pakati pa jekete.

"Ababa ako awa."

Mwanayo anayang'ana, n'kuchotsa dzanja. Anafikira buku la nyimbo lija, nasolola chithunzi chakale, n'kuika chala chake pa chigamba chotuwa chija.

"Ababa," anatero.

Mayiwo anandipempha kuti ndichimate pulasitiki chakalecho, kuti jombo nazo zingafufutike. Ndinachimata.